Anamuvuula M'madzi, Iye N'kumutcha Wakuba

Mvula ya chaka chimenecho inagwa ngati yatumidwa, ndipo mathithi a ku Unhalwadi ankalindima mpaka kumveka kutsidya kwa mlatho. Madzi ankatsika kuchokera pamwamba pa thanthwe lakuda bii, lija ophunzira amati kalekale linali chiphalaphala cha moto chotuluka pansi pa nthaka, n'kukadzimenyetsa m'dziwe la m'munsi ali thovu lokhalokha. Chakumunsi pang'ono, kuseri kwa kachisi, kunali maiwe awiri a madzi otentha, lina la amuna lina la akazi, ofuka nthunzi ndi kafungo ka mazira owola. Zimenezi ndi zomwe zinkadzaza mudziwo ndi magalimoto ochokera m'mizinda ya Pune ndi Mumbai Loweruka ndi Lamlungu lililonse.

Shevanta Ghadi ankawotcha chimanga poyambira kanjira kopita ku mathithiwo, pansi pa kachisakasa ka pulasitiki. Alendowo ankawagulitsa chimanga, koma kuwakonda sankawakonda. Ankataya mabotolo a mowa m'minda ya mpunga, anthu n'kumachekeka mapazi pooka mbande. Ankalowa ndi sopo m'madzi otentha, momwe nkhalamba za m'mudzimo zinkaviikamo mawondo. Wina anafika pomufunsa ngati madziwo amawatenthetsa ndi magetsi. Ndipo chaka chilichonse pankapezeka mlendo wotsakamira pakati pa mtsinje, ndiye amuna a m'mudzimo ankasunga chingwe chachitali m'kachisi. Amene ankachimanga m'chiuno n'kulowa nacho m'madzi anali Bhikaji, mwamuna wa Shevanta, mlimi wa mpunga wosalankhulalankhula. Palibe anamulemba ntchitoyo. Inangomugwera chifukwa ankatha kusambira kuposa anzake.

Loweruka lina m'mawa kunafika galimoto yoyera, nyimbo zili pamwamba. Munatuluka anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi wa zibangili zobiriwira zodzaza m'mikono, zosonyeza kuti ndi mkwatibwi wa dzulodzuloli. Mwamuna wake, amene anzake ankamuitana kuti Aniket, anali atamasula mabatani a malaya kuti aliyense aone tcheni chagolide chokhuthala chimene chinali m'khosi mwake.

"Mavshi, tipatseni chimanga!" anatero Aniket, akumenya thebulo la Shevanta. Kumeneko mayi wamkulu aliyense amamuitana choncho, ngati kunena kuti azakhali. "Mupake tsabola wambiri, tikufuna tilire."

"Mulira ndithu," anayankha Shevanta, akukhuza ndimu ndi tsabola pa chimangacho. "Mukakafika uko musakawolokere pa mwala wapakati. Kumapiri kukugwa mvula."

"Mwamva, Aniket?" anatero mtsikana uja.

"Iwe Mrunal, tabwera mtunda wonse uja kuti tidzajambulire kutali ngati ana a sukulu?" Anzake anaseka, wina akubisa botolo kuseri kwa msana. Anatsika kanjirako akutafuna chimanga, ndipo zitsononkho anangoziponya pomwepo, pafupi ndi mapazi a Shevanta.

Dzuwa lisanafike paliwombo, kulindima kwa mathithi kunasintha. Kenako kunamveka kukuwa, ndipo Mrunal anatulukira akuthamanga, nsapato alibe, matope mpaka m'mawondo.

"Mavshi! Mavshi! Madzi amutsekereza! Ali pamwala!"

Shevanta anasiya chimanga pamoto, anatenga chitini chopanda kanthu n'kuyamba kuchimenya ndi mpeni. M'mudzimo aliyense ankadziwa tanthauzo la phokoso limenelo. Amuna anatuluka m'minda ali matope okhaokha, Bhikaji ali patsogolo, ndipo Sitaram, woyandikana naye nyumba, anathamangira kukachisi kukatenga chingwe.

Atafika kumtsinje anapeza madzi atafiira, akunyamula nthambi ndi miyala yomwe. Aniket anali atagwada pamwala wapakati, madzi akumufika m'chiuno, akukuwa dzina la mayi ake. Bhikaji anavula malaya, anamanga chingwe m'chiuno, anzake anachizunguliza pamtengo wa mango, iye n'kulowa m'madzi chakumtunda kuti madziwo amukankhire pamwalapo.

"Gwirani nawo chingwechi!" Shevanta anakalipira anzake a Aniket aja. Onse awiri anali atakweza mafoni m'mwamba, akujambula. "Inu, mnzanu akufa! Manja amenewo ndi a foni basi?"

Mmodzi anagwira chingwe ndi dzanja limodzi, linalo lidakali pa foni. Mrunal ndiye analowa pakati pa amunawo n'kuyamba kukoka nawo, zibangili zikuphwanyika m'mikono.

Bhikaji atangofika pamwala, Aniket anamulumphira n'kumukolera m'khosi. Onse awiri anamira. Mfundo ya m'chiuno inamasuka, ndipo pamene mitu yawo inatulukiranso, Bhikaji anali atagwira chingwe ndi manja, Aniket atamupana ndi mkono wina ndi miyendo. Chingwe chinkapulumuka m'manja mwakemo, iye n'kuchigwiranso. Amuna anakoka, akazi amene anali atafika anakokanso, mpaka awiriwo anakagwera pamiyala ya m'mbali. Zikhatho za Bhikaji zinali zitasendeka, khungu lili lendelende.

Aniket anasanza madzi, milomo itada, mano akugundana. Amuna anamunyamula kupita naye ku dziwe la madzi otentha, anamulowetsa pang'onopang'ono, kuyambira mapazi, mpaka thupi linayamba kubwerera. Shevanta anatenga Mrunal, amene anali atanyowa n'kumanjenjemera, kupita naye kunyumba kwake. Anamuphikira tiyi wa jinja. Atatsegula bokosi la zovala anaona kuti sari, nsalu yaitali imene akazi amavala, youma ndi yabwino inali imodzi yokha, yofiirira ija ankaisungira chikondwerero cha mulungu wawo Ganapati. Anazengereza pang'ono, kenako anamupatsa.

"Vala iyi, mwanawe. Ukadwala chibayo."

Mtsikanayo anawerama n'kukhudza mapazi a Shevanta posonyeza ulemu, misozi ili m'maso. Koma amuna atatu aja analowa m'galimoto osayang'ana munthu. Aniket anadutsa pafupi ndi Bhikaji, amene anali atakhala pakhonde la kachisi atatambasula manja ngati wopemphetsa, ndipo sanatsegule pakamwa.

"Mwaona?" anatero Shevanta galimoto itachoka. "Ngakhale zikomo wa pamlomo chabe!"

"Wachita mantha," anatero Bhikaji. "Musiye."

Masana omwewo Shevanta anali pakhonde, akupaka chikasu ndi mafuta a kokonati m'zikhatho za mwamuna wake, pamene jipi ya apolisi inaima pamsewu. Anaganiza kuti mwina abwera kudzamva za ngoziyo, kapenanso kudzayamikira. Anafika mpaka poyala mphasa.

"Bhikaji Ghadi ndi ndani?" anafunsa wapolisi wina wa ndevu za pamlomo.

"Ndine, Saheb," anayankha Bhikaji, pomutchula wapolisiyo kuti bwana.

"Tcheni chili kuti?"

Bhikaji anayang'ana mkazi wake, mkaziyo n'kuyang'ana wapolisi.

"Tcheni chanji?" anafunsa Bhikaji.

"Musatichedwetse. Bwana amene munamutulutsa m'madzi wadandaula kuti munamuchotsa tcheni chagolide m'khosi. Akuti munamukoka dala pakhosi."

Shevanta anaimirira, mbale ya chikasu n'kugwa. "Mukuti chiyani? Tabwerezani, mwina makutu anga alowa madzi."

Sanabwereze. Apolisi awiri analowa m'nyumba ndi nsapato zawo zamatope, anagudubuza nkhokwe ya mpunga, anakhuthula bokosi la zovala, anapisa dzanja ngakhale kuseri kwa tizifanizo ta milungu. Sanapeze kanthu. Komabe anauza Bhikaji kuti akwere jipi, akalongosole kupolisi. Iye anakwera mwakachetechete, akuzemba kugwira chitsulo ndi manja ake aja.

Shevanta sanalire. Anapita kwa Anusaya, mkazi wa Sitaram, ndipo awiriwo anayenda khomo ndi khomo. Akazi amene anakoka nawo chingwe sanafunike kuwanyengerera. Anaimitsa kalole konyamula mkaka kamene kankabwerera kutawuni, anakwera kumbuyo pakati pa zigubu, mvula ikuwawaza kumaso.

Kupolisi anapeza Aniket atakhala pampando, atavala zovala zatsopano zouma, akumwa tiyi. Anzake awiri aja anali pambali pake, maso ali pa mafoni. Bhikaji anali atanjuta pansi, pakona, pafupi ndi mulu wa njinga zolandidwa. Mrunal anali pakhonde, atakhala payekha pabenchi, adakali mu sari ija, nkhope ataizolikitsa.

"Amayi, dikirani panja," anatero mkulu wa apolisi pamalopo, bambo wa mimba yaikulu amene ankasewera ndi ndodo patebulo.

"Panja tadikirapo kale, Saheb, pamene munkatigudubuzira mpunga," anatero Shevanta, akulowa. Anzake analowa pambuyo pake mpaka chipinda chinadzaza. Anapita pakona, anagwira mwamuna wake pamkono n'kukweza dzanja lake m'mwamba. "Taonani apa. Onani bwinobwino! Munthu wa manja otere angamasule kangowe ka tcheni? Ngakhale kapu ya madzi sakutha kugwira!"

"Anandikoka pakhosi," anatero Aniket, osamuyang'ana. "Ndinamva ndithu akukoka."

"Ukadakonda akukoke pati? Pa nsapato?" anatero Anusaya. Akazi anaseka, koma Shevanta sanaseke.

"Iwe ndiye unamukolera m'khosi," anatero. "Mudzi wonse unaona. Unatsala pang'ono kundisandutsa wamasiye lero, kenako ukubwera kuno kudzamwa tiyi pampando, amene anakupulumutsa ali pansi ngati galu?"

"Mayi, chepetsani mawu," anatero mkulu wa apolisi. "Tamverani. Ine sindifuna nkhaniyi ipite kukhoti. Anthu inu ndinu osauka, ndikumvetsa, golide amayesa munthu. Tcheni chikangopezeka, kaya pansi pa mwala kaya pati, ife sitifunsa zambiri. Bambowa apita kwawo, nkhani yatha."

"Ndiye mwagamula kale kuti anaba."

"Sindinatero."

"Mwatero! Mwati osauka. Mwati golide amayesa munthu. Nanga awa," analoza anyamata awiri aja, "amene ankajambula mnzawo akumira, mwawapisa m'matumba? Mwawagudubuzira mpunga? Amuna anga akhala akuvuula ana a anthu m'madzi amenewo kuyambira tsitsi lawo lili lakuda. Ena anawavuula amoyo, ena akufa, mawotchi ndi mphete zili m'manja, ndipo anazipereka kwa abale awo zonse. Inu apolisi mumafika mtembo utafunditsidwa kale. Lero ndiye mwafulumira!"

Mkulu wa apolisi anamenya ndodo patebulo. "Mukapitiriza, nanunso mugona muno."

"Tigona tonse," anatero Anusaya, n'kukhala pansi. Akazi ena onse anakhalanso pansi, mmodzi n'kuyamba kumasula kamtolo ka fodya wotafuna ngati ali pakhonde la kwawo.

Shevanta anatuluka pakhonde. Anaima patsogolo pa Mrunal kwa kanthawi, mtsikanayo osadzutsa mutu.

"Sindinabwere kudzalanda nsalu yanga," anatero Shevanta. "Ndingokufunsa chinthu chimodzi. Iwe unakoka nawo chingwe. Unaona amuna anga akuba?"

Mrunal anapukusa mutu.

"Ndiye ukukhaliranji chete?"

"Mavshi, ndangokwatiwa kumene," anatero Mrunal. "Ndikayankhula, kunyumba kwa apongozi ndikakhala bwanji?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Zimenezo sindingakunamize. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu uyo ali pansi apo akapanda kutuluka, mawa mudzi wonse wa kutsidya uzidzati Bhikaji Ghadi amabera anthu omira. Mwana wathu wamkazi ali ku ukwati ngati iwe. Nayenso ali ndi apongozi amene adzamve zimenezi."

Mrunal anapotokola nsonga ya sari. Kenako anadzuka, anapukuta maso n'kulowa m'chipindamo.

"Saheb," anatero, "tcheni chinapita ndi madzi."

"Mrunal, tuluka!" anakuwa Aniket.

"Pamene anamugoneka pamiyala, ine ndi amene ndinayamba kumugwira pachifuwa. M'khosi munalibe kanthu. M'galimoto ananena yekha kuti chinaduka pamene madzi anamugwetsa koyamba, bambowa asanafike n'komwe. Tchenicho anamupatsa ndi bambo anga pa ukwati, ndiye akuopa kukawauza kuti anachitaya ataledzera. Uyu," analoza mmodzi wa anzake aja, "ndi amene anati tingonena kuti anthu akumudzi aba, palibe angatsutse."

"Tseka pakamwa, iwe! Ukudziwa chimene ukuchita?"

"Ndikudziwa. Bambo anga ndikawauza ndekha."

Mnzake wa Aniket uja anayamba kuyang'ana kudenga. Mkulu wa apolisi anakanda m'mutu ndi ndodo yake, anatsokomola, kenako anamwetulira ngati munthu amene wakonza zinthu.

"Basi, kunali kusamvana chabe," anatero. "Bhikaji, dzuka, uzipita kwanu."

"Kusamvana?" anatero Shevanta. "Munthu wanama pamaso panu, wamangitsa wosalakwa, inu mukuti kusamvana? Iyeyo simumukhazika pakona paja?"

"Mayi, awa ndi alendo. Mnyamatayu wapulumuka imfa lero, mutu sukuyenda bwino. Komanso ganizani: mbiri ikamveka kuti ku Unhalwadi alendo amamangidwa, adzasiya kubwera. Chimanga chanucho muzidzagulitsa kwa ndani?"

"Ndizidzadya ndekha!"

Aniket anaimirira, anatulutsa chikwama n'kusolola ndalama zamapepala. Anazitambasulira kumbali kumene kunali Bhikaji, maso ali kukhomo. "Kwayani, mukagule mankhwala."

"Bweza m'thumba," anatero Shevanta. "Pomunenera kupolisi dzina lake unalidziwa bwinobwino, ndi la bambo ake lomwe. Pothokoza ndiye linakuvuta. Muyang'ane kumaso, umutchule dzina, unene kuti unamunamizira. Pano, pamaso pa anthu onsewa."

Aniket anayang'ana mkulu wa apolisi, anayang'ana anzake, kenako anang'ung'udza kanthu kena kosamveka n'kutuluka, ndalama zili m'manja. Palibe wapolisi amene anamuletsa.

Apo m'pamene Bhikaji anachita chinthu chimene chinamupsetsa mtima Shevanta kuposa zonse za tsikulo. Anadzuka pakona paja, anagundanitsa manja ake osendeka aja pachifuwa, n'kuweramira mkulu wa apolisi.

"Zikomo kwambiri, Saheb," anatero. "Pepani takuvutitsani."

Panja, Mrunal anathamangira Shevanta galimoto isananyamuke. "Mavshi, sari yanu ndikakutumizirani."

"Pita nayo. Koma ukakafika, uyambe wapita kwa mayi ako, wamva? Usakalowe nyumba ya apongozi wekha lero."

Mtsikanayo anagwedeza mutu. Hutala inalira mwaukali, iye n'kukakwera kumbuyo. Shevanta anaiyang'ana galimotoyo mpaka inakhota pamsika, ndipo sanadziwe ngati wamuchitira zabwino mwanayo kapena wamuponya pamoto.

Pobwerera anakwera basi. Akazi ankafotokozerana nkhaniyo mokweza, aliyense akuwonjezera pake, mpaka kondakitala anaiwala kudula matikiti. Shevanta yekha ankangoyang'ana pawindo, atamufulatira mwamuna wake njira yonse.

Kunyumba anawola mpunga umene apolisi anamwaza, anaupeta, anaphika wina ndi nyemba za mphodza. Anaika mbale patsogolo pa Bhikaji. Iye anayesa kutapa ndi nsonga za zala, koma ululu unamugwira, mpunga n'kugwera pansi. Shevanta anakoka mbaleyo mwaukali, anakhala pafupi naye n'kuyamba kuumba timibulu.

"Tsegulani pakamwa."

Bhikaji anatsegula.

"Zikomo kwambiri, Saheb," anatero Shevanta, akumuyeserera mawu. "Pepani takuvutitsani. Inu! Mwawavutitsa chiyani? Akugudubuzirani nyumba, akukhazikani pansi ngati mbava, inu n'kumawapepesa?"

"Ndimafuna tizipita," anatero Bhikaji, akutafuna. "Ukakangana ndi wapolisi lero, mawa akupezera chifukwa china."

"Ndiye tizingowerama mpaka liti? Tsegulani." Anamupatsa mbulu wina. "Mawa ndikupita kwa akuluakulu a mudzi. Kanjira kaja tikaike chipata. Mvula ikagwa kumapiri, palibe kutsika, kaya munthu wabwera pa galimoto yotani. Akafuna kujambula azijambulira pamlatho."

"Adzalumpha."

"Akalumpha, akavuulidwe ndi apolisi."

Bhikaji anameza, kenako anati, "Iwe Shevanta, wina akadzakuwa kumtsinje kuja, chitini udzachimenya kapena ayi?"

Shevanta anatapanso mpunga m'mbale. Anaumba mbulu waukulu kuposa yonse, waukulu moti munthu sangayankhule nawo m'kamwa.

"Idyani," anatero. "Mukuyankhula kwambiri lero."